Kuonetsa khungu kwa dokotala pa vidiyo: zoyenera kukonza ndi pamene njirayi imalekeza

Matenda a pakhungu ali ndi mwayi umene matenda a m'mimba kapena a mtima alibe: amaoneka ndi maso. N'chifukwa chake madokotala a khungu anali m'gulu la oyambirira kuyesa kupima odwala ali kutali. Pofika mu 1972, madokotala a ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston anali atafalitsa kale zimene anapeza poona khungu la anthu pa kanema, anthuwo ali ku kachipatala ka pa bwalo la ndege la Logan. Njirayi inadzafala kwambiri mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa zipatala zambiri kuchepetsa anthu ofika pakhomo. Masiku ano foni wamba ili ndi kamera yabwino kuposa zida za nthawi imeneyo, komabe si zachilendo kumva dokotala akunena kuti, "Pepani, sindikuona bwino." Kawirikawiri vuto limakhala litayambira pa kakonzekeredwe, foni isanalire n'komwe.

Vidiyo payokha siona bwino

Chithunzi chimene mumajambula ndi kamera yakumbuyo kwa foni nthawi zambiri chimakhala ndi timadontho mamiliyoni 12 kapena kuposerapo. Vidiyo yolankhulirana ikakhala pa mlingo wa kuoneka bwino wotchedwa 720p imanyamula timadontho tosakwana miliyoni imodzi, ndipo pa 1080p imanyamula pafupifupi mamiliyoni 2. Kuwonjezera apo, pulogalamu yoimbira imafinya vidiyoyo kuti idutse pa netiweki, ndipo zoyamba kutayika pofinyapo ndi zomwe dokotala wa khungu amazifunitsitsa: timamba topyapyala, m'mphepete mwa banga, kusiyana pang'ono kwa mtundu. Netiweki ikafooka, khungu lokhakhala limaoneka losalala ngati lopaka penti.

Ndiye gawani ntchito pawiri. Zithunzi zitsogole, zifike kwa dokotala dzulo lake kapena maola angapo nthawi isanakwane, chifukwa ndi pa zithunzipo pamene adzaonere khungu lenileni. Vidiyo itsatire, ndipo ntchito yake ikhale kufunsana, kulozerana malo, ndi kuti dokotala akuuzeni pogwira ndi pokanikiza, popeza iye sangathe kutambasula dzanja. Chipatala chikakuuzani kuti zithunzi n'zosafunika, zijambulenibe, zikhale m'foni.

Kajambulidwe kake

Kuwala ndiko kumawononga zithunzi zambiri. Jambulani masana, pafupi ndi zenera kapena panja pamthunzi, kuwala kukuchokera kutsogolo kapena kumbali kwa khungu. Zenera likakhala kumbuyo kwanu, kamera imaona kuwala kwa zeneralo ndipo inu mumangokhala chithunzithunzi chakuda. Dzuwa lowomba mwachindunji limafufutitsa mtundu, pamene babu wachikasu wa m'nyumba amachititsa khungu lililonse kuoneka lodwala. Fulashi muzimitse, chifukwa imanyezimira pa khungu la mafuta ndipo imaphwatalitsa zotupa, kotero kuti chotupa chotukuka chimaoneka ngati banga chabe. M'kamwa mokha ndi mmene mungafunike tochi, ndipo aigwire munthu wina chakumbali.

Kumbuyo kwa dzanja kapena mwendo kukhale nsalu yopanda maluwa, ya buluu kapena yotuwa. Nsalu yoyera imanyenga kamera. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse, ndiye ikaona choyera chambiri imadzichepetsera kuwala, ndipo khungu lakuda limamira mumdima pamodzi ndi zidzolo zake. Mukatha kuloza, dinani ndi chala pa sikirini pamalo penipeni pa vutolo. Kamera ikhazika diso lake pamenepo ndipo iyeza kuwala potengera khungulo. Pa mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa kamene mungakakwezere m'mwamba pang'ono ngati chithunzi chikadali chakuda.

Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a zala amachita chifunga. Gwiritsani ntchito kamera yakumbuyo. Ya kutsogolo ndi yofooka, imatembenuza kumanja kukhala kumanzere, ndipo pa mafoni ambiri imasalalitsa nkhope mwa iyo yokha. Chilichonse chokongoletsa chithunzi chizimitsidwe. Musakulitse ndi zala pa sikirini, sendezani foniyo pafupi, koma musayandikire kuposa masentimita 10, poti makamera ambiri sathanso kuona bwino pafupi kuposa apo.

Malo aliwonse afunika zithunzi zitatu, ndipo chimene anthu amachiiwala kwambiri ndi choyamba. Chimenecho n'chapatali, pafupifupi mita imodzi, chosonyeza chiwalo chonse kuti adziwe ngati ndi mkono kapena ntchafu komanso mmene zidzolo zafalira. Chachiwiri chikhale pa masentimita 30. Chachitatu chikhale pa masentimita 10 mpaka 15, rula itagona pambali pa vutolo, foni itayang'ana khungu molunjika. Ngati chinthucho n'chotukuka, onjezani china chojambula chammbali kuti kutalika kwake kuoneke. Jambulaninso mbali inayo ya thupi ngakhale ili bwino, kuti pakhale poyerekeza.

Chithunzi chapatalicho tikuchilimbikira chifukwa matenda ambiri a khungu amadziwika ndi malo amene amakonda. Chikanga cha ana okulirapo ndi akulu chimakonda mopindikira mikono ndi kumbuyo kwa mawondo. Psoriasis, matenda a mawanga okhala ndi mamba okhuthala, amakonda kunja kwa zigongono, pamwamba pa mawondo ndi m'mutu. Mashingozi amatsata mtsempha mbali imodzi yokha ya thupi ndipo sadumpha pakati. Mphere zimapezeka pakati pa zala, m'mikono polumikizira dzanja, m'chiuno ndi kumaliseche. Munthu akangotumiza chithunzi chapafupi cha kachidzolo kamodzi, dokotala amakhala ngati akuwerenga chilembo chimodzi cha mawu.

Khungu lijambulidwe mmene lilili. Musadzole mafuta kapena mankhwala pamalopo kuyambira usiku wa dzulo lake, chifukwa mafuta amamata mamba n'kuwabisa, pamene mambawo ndi amene amasiyanitsa zipere ndi matenda ena. Chotsani zopaka kumaso ndi penti wa m'zikhadabo. Musasambe madzi otentha kutatsala pang'ono kujambula, khungu limafiira ndi kutupa pang'ono. Nkhanambo musazichotse. Ngati vuto lili m'mutu, masulani tsitsi ndipo wina alipatule ndi chipeso pojambula.

Zidzolo zina zimabwera n'kupita. Ziwengo zotupa ngati polumidwa ndi udzudzu zimatha kusowa nthawi yokumana isanakwane, choncho zijambuleni zikangotuluka. Zunguzani chimodzi ndi cholembera, mulembe nthawi, ndipo mawa lake muone ngati chidakalipo. Ziwengo wamba, chilichonse pachokha, sizikhala pamalo amodzi kupitirira maola 24. Chikapitirira, kapena chikasiya banga longa potunduzidwa, dokotala ayamba kuganizira za kutupa kwa timitsempha ta magazi, komwe ndi nkhani ina.

Potumiza, ngati chipatala chili ndi tsamba lake lotetezedwa, dutsirani kumeneko. WhatsApp imafinya zithunzi, pokhapokha mutazitumiza ngati fayilo. Musatumize chithunzi chojambula sikirini. Pa chilichonse lembani tsiku ndi malo, mwachitsanzo "mwendo wakumanzere, kumbuyo". Zithunzi 6 mpaka 10 zooneka bwino n'zokwanira, ndipo chilichonse chikulitseni muone ngati mizere ya khungu ikuoneka musanachitumize. Nkhope isaoneke ngati vuto silili kumaso. Maliseche a mwana musawajambule kapena kuwaonetsa pa vidiyo, ngakhale cholinga chili chabwino. Mwanayo mupite naye kuchipatala.

Mbiri ya vutolo

Dokotala wa khungu amadalira makutu pafupifupi mofanana ndi maso, ndipo pa vidiyo makutu amagwira ntchito yochuluka. Lembani papepala musanaimbe: linayamba liti, linayambira pati, linafala bwanji, limayabwa kapena limapweteka, kuyabwako kumakula usiku kapena ayi, ndipo alipo wina m'nyumba amene akukanda. Mayankho awiri otsirizawo okha amatha kulozera ku mphere zithunzi zisanatsegulidwe. Kumbukirani kuti munthu amene watenga mphere koyamba amayamba kuyabwa pakapita masabata 4 mpaka 6, ndiye ganizirani za kumene munagona ndi amene munakhala nawo mwezi wathawo, osati sabata ino yokha.

Mankhwala onse amene mwamwa kapena kubayitsa m'miyezi iwiri yapitayi alembedwe ndi tsiku limene munayamba, kuphatikizapo ogula nokha ndi a zitsamba. Zidzolo zobwera chifukwa cha mankhwala sizituluka tsiku loyamba kawirikawiri, zimadikira masiku kapena masabata, ndipo wodwala amakhala ataiwala kale za mapiritsi aja.

Machubu onse a zimene mwapaka akhale patebulo, muwaonetse pa kamera mbali yolembedwa zosakaniza. Apa ndi pamene pamabisala chinyengo chachikulu pa ntchito yonseyi. Mankhwala opaka okhala ndi steroid (mankhwala ochepetsa kutupa), monga betamethasone ndi clobetasol, amene amapezekanso m'mafuta ambiri oyeretsa khungu, amaziziritsa kuyabwa kwa zipere koma amalola fangasi kufalikira. Mkombero wa mamba umene umadziwitsa chipere umafufutika, ndipo chotsalacho chimafanana ndi chikanga. Dokotala wosauzidwa akhoza kulemba steroid wamphamvu kuposa woyambayo, vuto n'kukula. Musachite manyazi kunena chilichonse chimene mwapaka.

Nenaninso ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, ngati muli ndi shuga, HIV kapena matenda ena ofooketsa chitetezo cha thupi, ntchito imene mumagwira ndi zimene manja anu amakhudza, komanso ngati kubanja kuli mphumu kapena chikanga.

Tsiku lokumana

Khalani okonzeka kutatsala mphindi 15. Batire ikhale yodzaza, mapulogalamu ena atsekedwe, ndipo ngati mukugawana intaneti ndi ena m'nyumba apempheni asiye kaye kuonera mavidiyo. Vidiyo ya 720p imafuna liwiro la intaneti la pafupifupi 1.5 Mbps potumiza ndi polandira pomwe. Khalani pamalo omwe aja pafupi ndi zenera, m'chipinda chotsekeka, mutavala zovala zosavuta kukwinya kapena kuvula. Pambali panu pakhale rula, tambula yagalasi yoonekera mkati, thonje, cholembera, tochi, kalilole, choyezera kutentha kwa thupi ngati muli nacho, ndi mankhwala aja.

Pezani munthu amene mumamasuka naye kuti agwire foni. Munthu sangadzionetse yekha msana, m'mutu kapena pansi pa phazi moti n'kuoneka bwino, ndipo wothandizayo amatha kugwiritsa ntchito kamera yakumbuyo. Mukakhala nokha, tsamiritsani foni pa chinthu cholimba kuti manja onse akhale omasuka.

Poyamba penipeni gwirizanani zochita netiweki ikaduka: ndani aimbire mnzake, pa nambala iti. Muli ndi ufulu wofunsa dzina la dokotala, ngati ali m'kaundula wa madokotala, amene ali naye m'chipinda, komanso ngati zokambirana zikujambulidwa.

Poonetsa khungu, cholakwa chofala ndi kuyendetsa foni uku ndi uku ngati mukusaka chinthu mumdima. Kamera imafuna kanthawi kuti ikhazike diso, ndipo pulogalamu yofinya ija imatumiza chithunzi chakuthwa pokhapokha zinthu zitaima. Yambirani patali, senderani pang'onopang'ono, imani, muwerenge mpaka 5, kenako mudikire dokotala anene kuti pitirirani. Vidiyo ikamaduladula, izimitseni, mupitirize ndi mawu okha, ndipo malo amene akufuna kuona muwajambule chithunzi n'kutumiza pomwepo.

Manja anu m'malo mwa ake

Kuchipatala dokotala amasisita, amatsina, amakanikiza. Pa vidiyo zimenezi muchita ndinu, ndipo muzifotokoza zimene chala chikumva m'mawu wamba: n'chokhakhala kapena chosalala, cholimba kapena chofewa, chimasuntha pansi pa khungu kapena chinamatirira, n'chotentha kuposa mbali inayo kapena ayi. Kutentha kumamveka bwino ndi kuseri kwa dzanja.

Tambula ija ndi yoyesera ngati banga limazimiririka. Kanikizani mbali yake pa zidzolo, muyang'ane kudzera m'galasimo. Zidzolo zambiri zimayera zikakanikizidwa chifukwa magazi akadali m'mitsempha ndipo amathawa. Zikapanda kuzimiririka, magazi atulukira kunja kwa mitsempha. Pa khungu lakuda yang'anani m'manja, kumapazi, mkati mwa chikope ndi m'kamwa, kumene timadontho totere timaoneka msanga.

Akhoza kukuuzani kuti mukande pang'ono ndi chikhadabo pa banga lotuwa la pachifuwa kapena kumsana. Pakatuluka timamba tonga fumbi, n'kutheka kuti ndi fangasi wofala wotchedwa pityriasis versicolor. Banga lotuwa lomwelo liyesedwenso ndi thonje: tsinzinani, wothandiza akhudze mkati mwa banga ndi kunja kwake mosinthasintha, inu muziloza pamene mwamva. Banga lotuwa losamva kukhudza ndi chizindikiro chachikulu cha khate, lomwe limachizika, koma likufunika kupimidwa pamaso.

Kwa amene akuyabwa popanda chooneka, kukoka kamzere pamkono ndi kumbuyo kwa cholembera kumathandiza: mwa anthu ena pamatupa motsata mzerewo pasanathe mphindi 10. Kwa amene tsitsi likuthothoka, gwirani pafupifupi tsitsi 50 pafupi ndi mizu, mukoke pang'ono. Likatsala m'dzanja loposa 5 kapena 6, kuthothokako kukupitirira. Kuyesaku kumanama ngati mwangotsuka kumene m'mutu. Ndipo pamalo potupa, potentha ndi popweteka, zunguzani m'mphepete ndi cholembera kuti pakapita maola mudziwe ngati pakukula.

Pofuna kunena kukula kwa vuto, gwiritsani ntchito chikhatho cha wodwalayo. Chikhatho chimodzi pamodzi ndi zala ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu lonse la thupi. Mawu akuti "zikhatho 4" amamuuza dokotala zambiri kuposa akuti "ndi paliponse".

Za khungu lakuda pali mfundo imene ngakhale madokotala ena amaiphonya. Kufiira kumene mabuku ambiri amafotokoza sikuoneka kofiira pa khungu lakuda. Kumaoneka kofiirira modera, kotuwa ngati phulusa, kapena kungoda kuposa pozungulira, ndipo kamera imachepetsanso kusiyanako. Zotsatira zake, chikanga choopsa chimaoneka chochepa. Inu amene mumalidziwa khungu lanu nenani momveka kuti pamalopo pasintha mtundu, ndipo onetsani malo abwino ndi odwala pa chithunzi chimodzi. Mawanga akuda otsala zidzolo zitapola ndi chinthu china, amatenga miyezi kuti afufutike ndipo sasonyeza kuti mankhwala alephera.

Zimene vidiyo imakwanitsa ndi zimene siingathe

Ziphuphu, chikanga, psoriasis, ziwengo, mashingozi, zilonda za nkhanambo zachikasu za ana, mawanga oyera a vitiligo ndi zipere zosapakidwa kanthu zimadziwika bwino ndithu pa zithunzi zabwino ndi mbiri yomveka. Njirayi imaposa pa kutsatira wodwala amene matenda ake akudziwika kale, pamene funso ndi lakuti mankhwala akugwira kapena ayi.

Kadontho kakuda kamene kakusintha ndi nkhani ina. Pa vidiyo dokotala akhoza kunena kuti kakukayikitsa, koma sangatsimikize kuti n'kosaopsa. Kuchipatala amakaona ndi dermatoscope, kachida kounikira kokulitsa pafupifupi ka 10, kamene kamaonetsa mizere ndi mitundu ya pansi pa khungu yomwe kamera ya foni siiona. Zokayikitsa ndi izi: mbali ziwiri zosafanana, m'mphepete mokhotakhota, mitundu ingapo pa kadontho kamodzi, kukula kopitirira mamilimita 6, ndipo koposa zonse kusintha kulikonse. Mwa anthu akhungu lakuda khansa ya melanoma imakonda kupezeka pansi pa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo amene munthu saganiza zowaonetsa. Apa pali kufooka kwina kwa vidiyo: dokotala amangoona chimene mwamuonetsa, pamene kuchipatala amatha kuona china chimene inu simunabwerere. Chilonda chosapola pakatha masabata 4, chotupa chotuluka magazi chikangokhudzidwa, zotupa zodera zapepo pamiyendo kapena m'kamwa, ndi chilonda chilichonse chokhakhala pa munthu wachialubino, zonsezi zikaonedwe pamaso. Mapulogalamu a pafoni olonjeza kuzindikira khansa pa chithunzi musawapatse mawu omaliza.

Pali kupima kwina kosatheka patali. Kutsimikiza fangasi kumafuna kupala mamba n'kuwaona pa maikulosikopu atathiridwa mankhwala otchedwa potassium hydroxide. Kutsimikiza khansa kapena matenda osadziwika kumafuna kudula kachidutswa ka khungu, kawirikawiri ka mamilimita 4, atabaya kaye jekiseni wochititsa dzanzi. Kupeza chimene khungu limadana nacho kumafuna timapepala tomata kumsana kwa maola 48, n'kukaonedwanso patapita tsiku limodzi kapena awiri. Dokotala akati mubwere, sikuti nthawi yanu yapita pachabe: wadziwa kale kupima kofunika ndi changu chake.

Musadikire vidiyo mukaona izi

Zidzolo zosazimiririka pa tambula mwa munthu wotentha thupi, wolimba khosi kapena wofooka kwambiri zingakhale matenda oumitsa khosi olowa m'magazi, amene amapha m'maola ochepa. Kutupa milomo, lilime kapena kukhosi pamodzi ndi kubanika n'chimodzimodzi.

Munthu amene anayamba mankhwala atsopano masiku 4 mpaka 28 apitawo, n'kuyamba kutentha thupi, khungu kupweteka ngati lapsa, zilonda m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche, ndi matuza kapena khungu kusupuka, akhoza kukhala ndi matenda oopsa otchedwa Stevens-Johnson syndrome. Mankhwala odziwika ndi vutoli ndi monga co-trimoxazole, nevirapine, carbamazepine, phenytoin, lamotrigine ndi allopurinol. Apite kuchipatala nthawi yomweyo, mankhwalawo ali m'manja. Kutupa nkhope, mwanabele ndi kutentha thupi patapita masabata 2 mpaka 8 chiyambire mankhwala nakonso n'koopsa, chifukwa kumakhudza chiwindi ndi impso.

Mwendo umodzi wotupa, wotentha, umene kutupa kwake kukudutsa mzere munalemba uja, makamaka ululu ukaposa kutali zimene maso akuona, ukufunika dokotala wogwira ndi manja lero lomwe. Mashingozi a pachipumi, pafupi ndi diso kapena pansonga ya mphuno amaopseza diso, ndipo mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 72 chitulukire matuza. Mwana wa chikanga amene mwadzidzidzi watuluka tizilonda tambiri tofanana, tonga tobooledwa, akutentha thupi, asagone kunyumba. Chimodzimodzi khanda lililonse la matuza kapena mafinya, ndi munthu amene pafupifupi thupi lonse lasintha mtundu ndipo likufundula.

Mukamaliza kulankhulana

Musadule foni musanadziwe dzina la matenda amene dokotala akuwaganizira, ndi ena amene sanawachotse m'maganizo. Pemphani malangizo olembedwa: dzina la mankhwala, mphamvu yake, popaka, kangati pa tsiku, kwa masiku angati, ndi zizindikiro zoti mukaziona mupite kuchipatala.

Funsani kuchuluka kopaka, chifukwa mawu akuti "pakani pang'ono" aliyense amawamva mwake. Muyeso wodalirika ndi wa chala: finyani chubu kuchokera pansonga ya chala cholozera cha munthu wamkulu mpaka pa mzere woyamba. Amenewo ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri. Kwa wamkulu, nkhope ndi khosi zimafuna miyeso iwiri ndi theka, mkono umodzi 3, mwendo umodzi 6, msana wonse 7. Powerengera chonchi mudziwanso ngati chubu cha magalamu 15 chikwane sabata kapena chithe masiku awiri. Chitani kupakako kamodzi dokotala akuona, vidiyo ndi yabwino pa zimenezi.

Dziwani nthawi imene mankhwala amatenga, kuti musawasiye msanga kapena kukakamira osagwira. Ziphuphu zimafuna masabata 8 mpaka 12, ndipo masabata oyamba khungu limatha kuuma ndi kuwawa. Zipere za pathupi zimafuna masabata 2 mpaka 4 a clotrimazole. Zipere za m'mutu sizimva opaka okha chifukwa fangasi ali mkati mwa tsitsi, zimafuna akumwa, monga griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8. Pa mphere, permethrin wa 5 peresenti amapakidwa thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, amakhala maola 8 mpaka 14, n'kubwereza pakapita masiku 7, ndipo onse a m'nyumba apake tsiku limodzi ngakhale osakanda. Kuyabwa kumatha kupitirira masabata 2 mpaka 4 tizilombo titafa kale. Mankhwala ena sangalembedwe pa vidiyo pokha: isotretinoin wa ziphuphu zikuluzikulu amalemaza mwana m'mimba, choncho amafuna kuyezetsa mimba musanayambe komanso mwezi ndi mwezi.

Jambulani malo omwewo kamodzi pa sabata, pa zenera lomwelo, nthawi yofanana, rula ili pomwepo, chifukwa maso oona khungu tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha kwapang'onopang'ono. Zithunzizo muzitumize musanakumanenso. Nthawi imene munapatsidwa ikakwana popanda kusintha, kapena dokotala akafuna kusintha mankhwala kachiwiri asanapime chilichonse, pemphani kalata yopita nayo kwa woti akaone khungulo pamaso, ndipo mutenge machubu onse ndi zithunzi zoyambirira zija.